Chifundo cha Yesu ndi Matenda a Maganizo: Mafunso ndi Mayankho kwa Akhristu a m'Chigawo cha Tete

Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri m'mipingo ya ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize, ngakhale kuti samveka pagulu. Amafunsidwa motsitsa mawu mapemphero atatha, pamene mayi kapena bambo wakokera pambali abusa, katekisiti kapena mkulu wa mpingo kuti anene za mwana amene wasiya kulankhula, kapena za iye mwini. Mayankho ake salowa m'malo mwa chipatala, koma akufuna kuchotsa mantha ndi manyazi amene amachititsa odwala ambiri kufika kuchipatalako mochedwa.

Kodi Mkhristu wokhulupirira moona angadwale matenda a maganizo?

Angadwale ndithu, monga momwe angadwalire malungo, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, pakuti ubatizo sunalonjeze munthu aliyense kuti ubongo wake sudzatopa kapena kusokonezeka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto lina la maganizo, ndipo anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda a kukhumudwa. Palibe chifukwa choganizira kuti onsewo anali anthu osapemphera. Ena mwa iwo ndi amene amayambitsa nyimbo m'kwaya, ena ndi amayi a chigwirizano, ndipo ena ndi amene amaima paguwa Lamulungu m'mawa.

Nkhani ya mneneri Eliya pa 1 Mafumu 19 iyenera kuwerengedwa mosathamanga. Munthu amene anali atangoona moto ukutsika kumwamba paphiri la Karimeli anathawira kuchipululu, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nakhala pansi pa kamtengo n'kupempha Mulungu kuti amuchotsere moyo chifukwa kwa iye zinali zitakwana. Mulungu sanamudzudzule, sanamukumbutse za Karimeli, ndipo sanamufunse kumene chikhulupiriro chake chinapita. Anamuleka kuti agone, kenaka mngelo anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi madzi. Anagonanso, ndipo anadzutsidwanso kuti adye, popeza ulendo unali wautali. Mawu anabwera pambuyo pake, ku Horebu, kumene Mulungu anamuleka kuti adandaule kawiri konse madandaulo omwewo, asanamuuze kuti panali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndiponso asanamupatse Elisa kuti akhale mnzake pantchito. Amene amaphunzitsa kuti Mulungu amanyansidwa ndi mtumiki wofooka ayenera kutiuza chimene amachita nacho chaputala chimenechi.

Tingasiyanitse bwanji chisoni cha masiku onse ndi matenda ofunika chithandizo?

Chisoni cha maliro, cha kulephera mayeso kapena cha mbewu zowonongeka chimapweteka, koma chimapita chichepa, ndipo munthu amapitiriza kudya, kusamba ndi kucheza ndi anzake ngakhale mtima uli wolemera. Achipatala amayamba kukayikira matenda a kukhumudwa pamene munthu wakhala wachisoni, kapena wosakondwa ndi chilichonse, pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kupitirira, ndipo pamodzi ndi izi tulo tasokonezeka, chakudya sichikulowa, thupi likungotopa, munthuyo akudziona wachabechabe ndipo akuganizira za imfa. Kumudzi zizindikirozi zimaoneka m'ntchito. Bambo amene ankalawirira kudimba la kachewere amakhala pakhonde dzuwa mpaka kufika paliwombo, khasu lili chotsamira pakhoma, ndipo udzu umakula m'munda wa chimanga anzake onse atamaliza kupalira. Mayi amene ankapita kumjigo ndi anzake amayamba kutunga madzi pa nthawi imene akudziwa kuti sakumana ndi munthu. Ambiri sanena kuti ali ndi chisoni; amanena kuti mutu ukutentha, mtima ukugunda, pakhosi pali chotsamwa, kapena kuti akuganiza kwambiri.

Pali matenda ena amene amaonekera msanga, monga kumva mawu amene ena sakumva, kukhulupirira kuti aliyense akufuna kumupha, kulankhula zosagwirizana, kapena kukhala masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa ndi mapulani osatha. Koma ngati munthu wasokonezeka mwadzidzidzi ali ndi thupi lotentha, kapena khosi lauma, musadikire kuti kuche, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala malungo ofika mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga.

Kodi Yesu amadziwa chiyani za mtima wolemedwa chonchi?

Amadziwa chifukwa anapitamo, ndipo olemba Uthenga Wabwino sanabise. Pa Marko 14:33-34 tikumva kuti m'munda wa Getsemane Yesu anagwidwa ndi nkhawa yaikulu ndi kuvutika mtima, ndipo anauza Petro, Yakobo ndi Yohane kuti mtima wake unali ndi chisoni chofa nacho. Chinthu choyenera kuchiyang'anitsitsa n'chakuti Mwana wa Mulungu, amene akanatha kupirira yekha mwakachetechete, anasankha kunena, ndiponso anapempha anzake kuti akhale naye maso. Iwo anagona, ndipo katatu konse anawapeza ali m'tulo, kotero kuti amadziwanso kuwawa kwa munthu amene wapempha thandizo kwa anzake n'kulisowa. Kalata ya kwa Ahebri, pa 5:7, imanena kuti anapemphera ndi kulira kwakukulu ndi misozi, ndipo pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22, ofunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Ngakhale manyazi a kutchedwa wamisala anawalawa, pakuti pa Marko 3:21 abale ake omwe anabwera kudzamugwira poganiza kuti wazungulira mutu.

Sitikunena kuti Yesu anadwala matenda amene madokotala amawatchula maina lero. Tikunena kuti wodwala akamafotokoza mdima wake kwa Yesu safotokozera mlendo. Mateyu 12:20, pobwereza mawu a mneneri Yesaya, amanena za Iye kuti bango lophwanyika sadzalithyola ndipo nyali yofuka sadzaizima. Aliyense amene anaonapo mmisiri akusoka mphasa amadziwa kuti bango lophwanyika limaponyedwa pambali chifukwa lingawononge ntchito yonse, ndipo ndi momwemo m'mene mabanja ndi mipingo nthawi zina imachitira ndi anthu amene maganizo awo asokonezeka. Yesu amadziwika ndi kusachita chomwecho.

Kodi matendawa sabwera chifukwa cha tchimo, temberero la makolo kapena ufiti?

Ophunzira a Yesu anafunsa funso lofanana ndi limeneli ataona munthu wobadwa wosaona, ndipo anafuna kudziwa ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake. Yankho lili pa Yohane 9:3, ndipo ndi lachidule: sanachimwe iye, ngakhale makolo ake. Anzake a Yobu anachita bwino pa masiku 7 amene anakhala naye pansi osalankhula, koma atayamba kufufuza tchimo lobisika limene linabweretsa mavutowo, Mulungu anawakwiyira, monga tikuwerenga pa Yobu 42:7.

Zoyambitsa matenda a maganizo zimadziwika bwino ndithu, ngakhale kuti nthawi zambiri zimabwera zingapo pamodzi. Ena amabadwa m'banja limene matendawa amayendamo, ena amadwala ataferedwa, atagwiriridwa, kapena atakhala zaka zambiri m'banja la nkhanza, ndipo ena amagwetsedwa ndi ngongole ya fetereza ndi mbewu chaka chimene fodya kapena soya sanachite bwino. Matenda okhalitsa monga HIV ndi chifuwa chachikulu amalemetsanso maganizo, ndipo kachasu ndi chamba zimatha kuyambitsa vuto kapena kukulitsa limene linalipo kale. N'zoona kuti munthu amene chikumbumtima chikumutsutsa pa choipa chimene anachita amafunika kulapa, ndipo kulapa kumapepuza mtima. Koma tiyenera kuchenjera, chifukwa kudziimba mlandu kopitirira muyeso ndi chimodzi mwa zizindikiro za matendawo, ndipo kuuza wodwala wotere kuti afufuzenso machimo ake n'kumukankhira kumene akugwera kale.

Za ufiti, tione zipatso zake. Banja likayamba kufunafuna amene walodza, mbuzi ndi chimanga zimathera kwa owombeza, chala chimaloza agogo okalamba kapena mayi wamasiye amene alibe womuyankhulira, abale amasiya kulonjerana, ndipo wodwala uja amakhala ali chidwalire pakona pa nyumba. Yesu sanayambe wachiritsa munthu pomupezera mdani.

Nanga munthu wa kumanda uja pa Marko 5 sanali ndi ziwanda? Bwanji tisangomanga wodwala n'kumupempherera?

Uthenga Wabwino umanena kuti munthuyo anali ndi mzimu wonyansa, ndipo sitikufuna kusintha zimene zinalembedwa. Koma Baibulo lomwelo silitcha matenda onse ziwanda, pakuti pa Mateyu 4:24 ogwidwa ndi ziwanda, akhunyu ndi opuwala ziwalo amatchulidwa padera. Mpingo wa Katolika, mu Katekisimu wake pa ndime 1673, umalamula kuti asanachite mwambo wotulutsa ziwanda ayenera kutsimikiza kuti si matenda, ndipo umanena kuti matenda a maganizo ndi ntchito ya achipatala. Akhristu a mipingo ina angaphunzirepo kudekha kumeneku, chifukwa kufuulira mnyamata wodwala usiku wonse kuti chiwanda chituluke kumangowonjezera mantha mwa munthu amene ali ndi mantha kale.

Pa nkhani ya kumanga, werenganinso ndimeyo n'kuona amene anagwira unyolo. Anali anthu a m'mudzi amene ankamumanga ndi maunyolo ndi matangadza, ndipo sizinathandize, chifukwa iye ankawadula n'kubwerera kumanda kumene ankafuula ndi kudzitema ndi miyala. Yesu sanawonjezere unyolo wina. Anamuyandikira, analankhula naye, anafunsa dzina, ndipo anthu atafika anamupeza atakhala pansi, atavala, ali ndi nzeru zake. Pomaliza, munthuyo atapempha kuti atsagane naye m'ngalawa, Yesu anamutumiza kwawo kwa abale ake, chifukwa kuchira kwake sikukanakwanira popanda kubwerera pakati pa anthu.

Ambiri a ife tinaonapo munthu womangidwa kuseri kwa nyumba, chingwe cha ng'ombe chitakulungidwa pamwendo n'kumangiriridwa kumtengo wa mango, khungu la pakakolo litanyuka mpaka ntchentche kumaterapo, mbale ya nsima ikukankhidwira kwa iye ndi ndodo. Abale amene amachita izi nthawi zambiri si ankhanza. Ndi anthu otopa ndi amantha amene sanauzidwe kuti pali njira ina. Njirayo ilipo. Wodwala akalusa, chotsani mipeni, zikwanje ndi makasu pafupi, balalitsani gulu la oonerera, ndipo munthu mmodzi amene iye amamukhulupirira alankhule naye modekha, osamutsutsa pa zimene akumva kapena kuona. Kenaka mupite naye kuchipatala, kumene kuli mankhwala otha kumukhazika mtima pansi pa maola ochepa.

Kodi khunyu ndi misala?

Ayi, khunyu ndi matenda a ubongo amene amachititsa munthu kugwa ndi kuphupha, ngakhale kuti m'zipatala za ku Mozambique odwala ake kawirikawiri amathandizidwa ndi ogwira ntchito omwewo amene amaona za maganizo. Sapatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya kapena pokhudzana, kotero palibe chifukwa chothawira munthu amene wagwa. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chofewa kumutu, mumugoneke chammbali, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala. WHO imanena kuti anthu ofika 70 mwa 100 alionse odwala khunyu akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Pa Marko 9, bambo atabwera ndi mwana amene ankagwera pamoto ndi m'madzi, Yesu anafunsa kuti vutolo linayamba liti, ndipo atamuchiritsa anamugwira dzanja pamene ena ankati wamwalira.

Kodi kumwa mankhwala si chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro? Ndipo chithandizo chimapezeka kuti?

Yesu mwini ananena pa Marko 2:17 kuti odwala ndi amene amafuna sing'anga, ndipo sananene zimenezi ngati chinthu chochititsa manyazi. Paulo anatcha Luka sing'anga wokondedwa pa Akolose 4:14, Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa cha mfumu Hezekiya ngakhale Mulungu anali atalonjeza kale kuti achira, ndipo Msamariya wachifundo anathira mafuta ndi vinyo pamabala. Mipingo yathu inaphunzira kale phunziro limeneli mowawa pa nthawi imene ena ankauza anthu kuti ataye ma ARV poti apemphereredwa, ndipo tinaika m'manda anthu amene akanakhala moyo. Sitiyenera kuliphunziranso kachiwiri pa matenda a maganizo.

Ku Mozambique madokotala a zamaganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo zipatala zapadera za matendawa zili kutali, ku Infulene mumzinda wa Maputo ndi ku Nampula. Chifukwa cha ichi, kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lakhala likuphunzitsa ogwira ntchito otchedwa técnico de psiquiatria, amene amaunika odwala ndi kupereka mankhwala m'zipatala za m'maboma. Yambirani pachipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kapena kwa APE, wothandiza za umoyo wa m'mudzi, wa m'dera lanu, ndipo mufunse tsiku limene mungaonane ndi técnico ameneyu. Ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa kuchipatala cha boma lawo, monga cha ku Ulónguè, kapena ku Hospital Provincial de Tete. Odwala ambiri safunika kugonekedwa, ndipo ena safunikanso mapiritsi, koma uphungu wokhazikika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa mabanja ambiri. Choyamba n'chakuti mankhwala a kukhumudwa, monga fluoxetine ndi amitriptyline, sagwira ntchito tsiku lomwelo ngati a mutu. Amatenga masabata angapo, ndipo ambiri amawasiya asanayambe kuthandiza. Chachiwiri n'chakuti wodwala akayamba kupeza bwino, abale amathokoza Mulungu n'kuleka kukatenga mankhwala, ndipo patapita miyezi matenda amabwerera mwamphamvu. Ngati mankhwala akuumitsa thupi, akunjenjemeretsa manja kapena akugonetsa kwambiri, bwererani kwa amene anawapereka kuti asinthe mlingo, osati kuwasiya panokha.

Chisamaliro chotere si chachilendo m'mbiri ya Chikhristu. João de Deus, amene anabadwira ku Portugal mu 1495 ndi kumwalira mu 1550, anatsekeredwapo m'chipatala ku Granada ngati wamisala ndipo anakwapulidwa monga ankachitira ndi odwala otere masiku amenewo. Atatuluka anatsegula nyumba yosamaliramo odwala mwaulemu, ndipo chipani cha abale chimene chinachokera pa ntchito yake chikuthandizabe odwala maganizo mpaka lero, kuphatikizapo ku Mzuzu m'dziko la Malawi.

Baibulo limati tisadere nkhawa kanthu kalikonse. Kodi nkhawa yanga si kusamvera?

Mawu a pa Afilipi 4:6 ndi chiitano choti titule nkhawa kwa Mulungu, osati ndodo yokwapulira amene nkhawa yamugwira. Paulo yemweyo amene anawalemba anavomereza pa 2 Akorinto 1:8 kuti ku Asiya anapsinjika koposa mphamvu zake mpaka anataya chiyembekezo chokhala ndi moyo, ndipo pa 7:5-6 ananena kuti kunja kunali mikangano, m'kati munali mantha, koma Mulungu anamutonthoza ndi kufika kwa Tito. Chitonthozo cha Mulungu chinabwera ndi munthu woyenda ndi miyendo. Nkhawa imene ikugunditsa mtima, kubanikitsa ndi kulanda tulo miyezi yathunthu ndi matenda ochizika, ndipo kuwerengera munthu wotere vesili mwaukali kumangomupatsa chinthu china chodera nkhawa.

Sindikuthanso kupemphera, ndipo ndikuona ngati Mulungu wandisiya. Nditani?

Matenda a kukhumudwa amachotsa kukoma kwa zinthu zonse, ndipo monga momwe nsima imasiya kukoma, pemphero nalonso limauma. Zimenezi sizitanthauza kuti Mulungu wachoka. Salimo 88 ndi pemphero la munthu amene kuyambira poyamba mpaka pomaliza sakuona kuwala, ndipo limatha ndi mdima, komabe linasungidwa m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Mukhoza kuliwerenga monga lilili, kapena kungotchula dzina la Yesu, kapena kukhala chete, pakuti Aroma 8:26 amanena kuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Lolaninso ena kuti akupemphererni. Pa Marko 2:5, pamene anthu anayi anatsitsa wopuwala kudzera padenga, Yesu anaona chikhulupiriro cha onyamulawo.

Nkhondo inatha kale. N'chifukwa chiyani makolo athu ena amadzidzimukabe usiku?

Pangano la mtendere lothetsa nkhondo yachiweniweni ya ku Mozambique linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma thupi la munthu amene anaona zoopsa silidziwa za masainidwe. Chigawo chathu chinaona zambiri: kuphedwa kwa anthu mazanamazana ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972 m'nthawi ya atsamunda, nkhondo yachiweniweni imene inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, ena mwa iwo kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndi kuphedwa kwa ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, ku Chapotera m'boma la Angónia mu Okutobala 1985. Achinyamata nawo ali ndi zawo, monga madzi osefukira a namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anagumula mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè. Munthu wopulumuka zotere akhoza kumalota zomwezo, kunjenjemera akamva kuphulika kwa tayala, kupewa njira inayake, kupsa mtima msanga, kapena kubisala m'mowa, ngakhale patapita zaka 30.

Kuuza munthu wotere kuti aiwale zakale n'kumupempha chinthu chimene sangathe. Yesu atauka kwa akufa anapeza ophunzira ake atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, ndipo sanawanyoze. Anawapatsa mtendere, anawaonetsa manja ndi nthiti zake, ndipo patapita masiku 8 anabweranso, zitseko zili chitsekere. Zipsera zake sanazifafanize. Agogo akafuna kufotokoza za masiku amenewo, mverani mpaka amalize, ndipo ngati sakufuna, musawakakamize.

Mayi wangobereka kumene, koma akungolira ndipo sakufuna mwana. Kodi ndi kusayamika?

Si kusayamika, ndipo si ulesi. Kukhumudwa kwa pambuyo pobereka kumagwira amayi oposa mmodzi mwa 10 alionse, ndipo kumachizika. Apongozi, anamkungwi ndi amayi a mpingo amathandiza kwambiri akamulandira ntchito kuti agone, m'malo momuuza kuti anzake osabereka akulirira chomwecho. Nenani za vutoli kwa anamwino tsiku la sikelo. Koma ngati mayiyo wasiya kugona konse, akulankhula zosamveka, kapena akunena zodzivulaza kapena kuvulaza khanda, musamusiye yekha ndi mwanayo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, tichite chiyani?

Mukhulupirireni. Si zoona kuti amene amanena sachita, ndipo si zoona kuti kufunsa kumamupatsa maganizo amene analibe. Khalani naye poduka mphepo ndi kumufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, ndipo akavomera musadzidzimuke, musamulalikire za gehena, ndiponso musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Mverani kaye, kenaka muuzeni kuti mufunika kuitana munthu wina wodalirika, kaya malume ake, ankhoswe kapena abusa, ndipo musamusiye yekha mpaka ataonana ndi achipatala.

Pali chinthu chimodzi chimene mabanja a alimi ayenera kuchita tsiku lomwelo. WHO imanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amagwiritsa ntchito mankhwala a kumunda. M'nyumba zathu mankhwala opopera tomato ndi kachewere, osungira chimanga ndi ophera makoswe amangokhala pawindo kapena kunsi kwa bedi. Achotseni n'kukawasungitsa kwa mnansi mokiya, chifukwa maganizo odzipha nthawi zambiri amafika pachimake kwa kanthawi n'kutsika, ndipo munthu amene sanapeze chogwiritsa ntchito pa ola loipalo kawirikawiri amapulumuka. Ngati wamwa kale, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo. Ana ndi achinyamata akhoza kuimba ulere pa nambala 116 ya Linha Fala Criança.

Abambo afunika kuyang'aniridwa mwapadera, popeza analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo ambiri amafika pamapeto osauzako aliyense za ngongole kapena za banja limene likutha. Amene anawaphunzitsa zimenezo sanawerenge Yohane 11:35, pamene Yesu analira pagulu pamanda a Lazaro. Pa Machitidwe 16:28, woyang'anira ndende ku Filipi atasolola lupanga kuti adziphe, Paulo anafuula kuti asadzipweteke chifukwa onse analipo, ndipo mawu amenewo ndi amene munthu wotere amafunika kumva kwa abale ndi mpingo wake.

Nanga amene anadzipha kale, kodi anatayika? Banja lake tilitonthoze bwanji?

Moyo ndi wa Mulungu, ndipo palibe mpingo umene umavomereza kudzipha. Koma chiweruzo cha munthu aliyense chili m'manja mwa Iye amene yekha amadziwa zimene zinali m'mutu mwa womwalirayo pa nthawi imeneyo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2282 ndi 2283, amanena kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, kuzunzika mtima kapena mantha aakulu zikhoza kuchepetsa mlandu wa munthuyo, kuti tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chake, ndiponso kuti mpingo umawapempherera anthu otere. Malamulo a mwambo wa maliro amasiyana m'mipingo, koma ngakhale kumene malamulowo ndi okhwima, palibe ndime imene imaletsa Mkhristu kukagona pasiwa, kutunga madzi, kukumba manda kapena kukhala pansi ndi namfedwa. Otsala amavutika ndi mafunso osayankhika ndi manyazi, ndipo iwonso amakhala pa chiopsezo, makamaka pa miyezi imene anthu asiya kubwera kudzapepesa.

Ife osamalira wodwala tatopa. Kodi mpingo ungatithandize motani?

Kutopa kwanu si tchimo, ndipo kukwiya kumene nthawi zina mumamva sikutanthauza kuti chikondi chatha. Yesu anauza ophunzira ake pa Marko 6:31 kuti apite padera akapumule chifukwa analibe ngakhale nthawi yodyera. Msamariya wachifundo naye sanasenze zonse yekha, pakuti m'mawa mwake anasiya wovulalayo m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, analipira ndalama ziwiri zasiliva, nalonjeza kuti abweranso.

Mpingo kapena mphakati ungayambe ndi zinthu zooneka zazing'ono zimene kwenikweni ndi zimene zimasowa. Anthu awiri kapena atatu akhoza kusinthana masiku okhala ndi wodwala kuti mayi ake apite kuchigayo kapena agone tulo. Achinyamata akhoza kupalira munda wa banjalo nthawi isanapite, ndipo thumba la zachifundo likhoza kulipira chapa (minibasi) kapena njinga yamoto pa tsiku lokatenga mankhwala, chifukwa odwala ambiri amasiya chithandizo osati pokana, koma posowa ndalama yoyendera kuchokera kumidzi ya kutali. Wina alembe tsikulo m'kabuku n'kumakumbutsa banjalo. Opita kukazonda asadzaze nyumba ngati msonkhano, asafunse mafunso ambiri, ndipo zimene amva m'nyumbamo zisakhale nkhani ya pamjigo kapena chitsanzo mu ulaliki wa sabata yotsatira. Akuluakulu aletse ana kuponya miyala ndi kuimba nyimbo zonyoza odwala oyendayenda pamsika, ndipo alaliki asiye kuseketsa anthu ndi nthabwala za amisala.

Wodwala akayamba kupeza bwino, mubwezereni malo ake. Ngati ankaimba ng'oma m'kwaya, ankawerenga mawu kapena ankasunga makiyi a tchalitchi, musadikire kuti apemphe, chifukwa manyazi sadzamulola. Mtsogoleri apite kwawo, amuuze kuti ntchitoyo ikumudikira, ndipo agwirizane naye za tsiku loyambiranso ndi kuchuluka kwa ntchito imene angathe pakadali pano.